A Izizire ndi Kagalimoto ka M'ngalande

Kuntchito kwathu palibe amene amawatchula dzina la pa chitupa chawo. Kuyambira mlonda wa pageti mpaka mabwana a m'maofesi, onse amangoti a Izizire. Ine ndimawatcha alamu, chifukwa ndinakwatira mng'ono wawo, komanso ndine dalaivala wa lole ya gulu lawo. Choncho ndimawaona pawiri: mkati mwa sabata ali mu ovolosi ndi jombo, Lamlungu ali pampando kunyumba kwanga, akundinenera kwa mkazi wanga kuti ndimasintha giya ngati ndikuthyola nkhuni.

Kampani yathu imatsuka ngalande ndi mapaipi akuluakulu odutsa pansi pa misewu. Si ntchito imene mwana angainyadire kusukulu akafunsidwa kuti makolo ake amatani, koma titaileka mwezi umodzi wokha, mvula n'kugwa, tauni yonse ingasake nambala yathu ya foni.

Alamu anakulira pa benchi ya bambo awo. Apongozi angawo anali okulunga mota m'kachipinda kamodzi kuseri kwa shopu ya matayala. Anthu ankabweretsa mota zopsa za mafani, za mapampu a madzi ndi za makina osokera, iwo n'kuchotsa waya wakale, n'kukulunga watsopano. Maso awo atayamba kuchita chidima, mwana wawo wamkazi wa zaka khumi ndi ziwiri ndiye ankawawerengera mizere ya waya. Pofika zaka makumi awiri, alamu ankangonunkhiza mota n'kumuuza mwini wake chimene anaichita. "Munaiyendetsa pampu ilibe madzi, eti?" Munthu ankangoyang'ana pansi.

Apongozi atamwalira, mchimwene wawo wa alamu anatenga shopu ija. Tsiku lachitatu anawauza kuti mkazi pa benchi amathawitsa makasitomala, bola azikhala panja n'kumalandira anthu. Alamu sanakangane naye. Anatenga pulayala yawo, chowotcherera mawaya ndi kampeni kamene bambo awo anasula okha, n'kuzikulunga m'nsalu.

"Achimwene, mota sidziwa kuti amene waigwira wavala siketi," anatero atafika pakhomo. "Tsalani ndi makasitomala anuwo."

Sanapondemonso. Panopo m'kachipinda muja amametamo tsitsi.

Amuna awo, amene ine ndimawatcha achimwene, ndiwo anayamba kugwira ntchito pa kampani yathu. Anali okwawa. Mapaipi ambiri a pansi pa msewu ndi opapatiza, munthu sangaimirire, ndiye paipi ikatsekeka wina ankamangidwa chingwe m'chiuno, tochi pamphumi, n'kulowa chokwawa kuti akaone chimene chatseka ndi pamene chili. Achimwene anakwawa zaka khumi ndi zinayi. Tsiku lina paipi yakale ya simenti inagumuka iwo ali mkati, n'kuwapana mwendo. Tinakumba maola anayi. Anatuluka amoyo, koma bondo lawo silinapindikenso.

Kampani inawapatsa kalata yowathokoza. Lolemba lotsatira alamu anabwera ndi kalatayo, n'kukhala pa benchi ya kunja kwa ofesi ya manijala. Anakhalapo Lolemba lonse, Lachiwiri lonse. Lachitatu manijala anatopa ndi kuwalumpha miyendo.

"Mayi, tikuthandizeni chiyani?"

"Ndabwera kudzatenga ntchito ya amuna anga."

Manijala anaseka. "Inu mungakwawe m'paipi?"

"Sindinabwerere kukwawa. Kuseri kuja kuli mapampu atatu akufa, udzu wayamba kumera pansi pake. Ndipatseni imodzi. Ikapanda kulira pofika Lachisanu, simudzandionanso."

Inalira Lachinayi masana. Umu ndi mmene analowera.

Anakonza mapampu zaka zingapo, koma m'mawa uliwonse ankaona anzawo a amuna awo akukweza zingwe zija mu lole, ndipo nkhope yawo inkachita mdima. Tsiku lina tikuchotsa zinyalala pa ngalande ya kudera la anthu ochita bwino, tinavuula kagalimoto koseweretsa, kamene kamayenda ndi limoti. Kanali kamatayala akuluakulu, kodzaza matope, tayala limodzi litathyoka. Tinakaponya pamulu. Alamu atakaona pa lole anakatola, n'kukatembenuza uku ndi uku.

"Alamu, mwayamba zidole pa ukalamba?" ndinawafunsa.

"Inu yendetsani lole," anatero. "Kuganiza tisiyireni ife."

Kunyumba anagwira ntchitoyo awiri. Achimwene, mwendo ali chitambasulire pakhonde, anasema tayala latsopano, n'kupanga chivindikiro ndi chidutswa cha paipi ya pulasitiki kuti madzi asamalowe. Alamu anasamala za magetsi. Kutsogolo anamangako tochi ndi kamera yaing'ono, kumbuyo chingwe chokokera pamodzi ndi waya wobweretsa zithunzi pa foni. Limoti anaipeza kwa okonza mawailesi. Patatha miyezi iwiri kagalimoto kanalowa m'paipi koyamba, ife tonse titaunjikana pa foni imodzi ngati tikuonera mpira. Tinaona thumba la simenti litatseka pa mamita khumi ndi awiri. Tsiku limenelo palibe anavala chingwe m'chiuno.

Mota imene kanabwera nayo inali ya mabulashi, timakala tiwiri timene timakhudza chitsulo chozungulira cha mkati mwa mota. Mchenga ndi madzi zinatidya timakalato m'sabata imodzi. Mwana wawo wamkazi, amene amagwira ntchito kuchipatala, anawaitanitsira mota ina, yopanda mabulashi. Imeneyi mawaya ake amakhala phee m'mbali, maginito ndiwo amazungulira pakati, palibe chokhudzana. Kanthu kakang'ono kokwana m'dzanja, koma mphamvu zake zinatidabwitsa. Kagalimoto kankapalasa matope ngati nkhumba.

Mota imeneyo alamu anaipha okha, mwezi usanathe, ndipo sabisa. Anaiyendetsa theka la ola m'matope osaipumitsa, atatengeka ndi mmene inkakokera. Sinachite phokoso lachilendo, sinanunkhe, sinathetheke. Kagalimoto katatuluka, dontho la madzi linagwera pa mota n'kuti tsii! Itazizira inkazungulirabe, koma kagalimoto kankalephera kukwera ngakhale njerwa. Anaitsegula pa benchi, akuyembekeza kuona waya wakuda. Waya anali bwinobwino. Chimene chinafa ndi maginito.

"Ya mabulashi imalira ikamavutika," anandifotokozera tikumwa tiyi. "Iyi imangopirira chete. Maginito ake akatenthedwa mopyola muyezo, mphamvu imawachokera, ndipo sibwereranso ngakhale muiike m'firiji. Ikafooka choncho imayamba kumwa magetsi ambiri, n'kumatentha msanga kuposa kale. Waya ndingakulunge wina. Maginito sindingawakulunge."

Sanaitaye. Anaiika m'bokosi lawo la zida, n'kudikira milungu isanu kuti ina ifike. Milungu isanu imeneyo anthu anabwerera ku chingwe, ndipo alamu sankadya nafe masana.

Kuyambira pamenepo anaika malamulo awo. Kagalimoto kakayenda mphindi khumi, kazituluka. Poyamba ankayeza ndi chala: kugwira mota n'kuwerenga mpaka kasanu. Chala chikathawa asanafike kasanu, ndiye kuti basi. Kenako mwana wawo anawapatsa kachipangizo koyezera kutentha, kooneka ngati kamfuti, kongolozetsa n'kuwerenga nambala. Madigiri 50 kapena 60, kabwerere mkati. Ikafika 70, palibe kukambirana. Kupyola 80, ankati kumeneko ndiye kumanda. Tikati tifulumire, yankho linali limodzi: "Izizire kaye." Kapitawo akati nthawi yatha: "Izizire kaye." Tsiku lina ndinawapatsa kapu ya tiyi, gulu lonse linakuwa pamodzi kuti, "Izizire kaye!" Dzina linamera pomwepo, ndipo iwo analilandira.

Zaka ziwiri zapitazo kunabwera injiniya watsopano, wa msinkhu wa mwana wawo. Ankavala chipewa choyera cholimba chija ngakhale ali mu ofesi, ndiye tinamutcha Bwana Chipewa. Sindinganene kuti ndi munthu woipa. Amadziwa mapu a mapaipi onse pamtima, ndipo anatipezera magolovesi atsopano amene tinkapempha kwa zaka zitatu. Koma anali ndi mantha ndi akuluakulu ake, ndipo munthu wamantha akakhala ndi udindo, mantha akewo amagwera amene ali pansi pake.

Kutangotsala milungu iwiri kuti mvula iyambe, akuluakulu atatu a kulikulu anabwera kudzaona malo ena pa msewu waukulu, pafupi ndi msika, pamene madzi amasefukira chaka chilichonse mpaka kulowa m'mashopu. Paipi ya pamenepo ndi yaitali mamita makumi asanu ndi limodzi. Bwana Chipewa anali atawauza kale za kagalimoto, ndipo ankafuna kuti aone okha chimene chatseka asanabwerere.

Anati afika 9 koloko m'mawa. Anafika dzuwa lili paliwombo. Phula linkanyeta, chitsulo cha lole osagwirika. Alamu anali atabisa kagalimoto pansi pa lole kuti kakhale pamthunzi, koma mpweya weniweniwo unali wotentha.

Kanalowa bwino. Akuluakulu aja anawerama pa foni, mmodzi wa iwo, mayi wa magalasi, akufunsa mafunso anzeru ndithu. Pa mamita makumi awiri matope anayamba kulimba ngati phala la dzulo, kagalimoto kakuyenda mokoka. Alamu anatchera khutu kukamwa kwa paipi. Zitangokwana mphindi zisanu ndi zitatu anasiya limoti n'kuyamba kukoka chingwe.

"Mayi, mukutani?" anafunsa Bwana Chipewa. "Sitinaone kanthu."

"Kalemedwa. Ndikufuna ndikayeze."

Anatsegula chivindikiro, n'kulozetsa kamfuti kaja. Ine ndinali pambali pawo, ndinaona nambala: 74.

"Izizire kaye," anatero alamu.

A m'gulu lathu tinayang'anana, koma palibe anaseka.

"Mphindi zingati?"

"Ndi dzuwa ili, makumi awiri. Mwinanso kupitirira."

Bwana Chipewa anayang'ana wotchi, n'kuyang'ana alendo amene anali atayamba kudzikupiza ndi mapepala. Anatsitsa mawu. "Mayi, anthu awa ali ndi msonkhano wina. Kabwezeni kamodzi kokha. Mamita makumi anayi okha atsalawo, tione, basi."

"Pobwerera mkati kadzayamba pa 74, osati pa ziro. Pofika pamene tinalekeza ndiye kuti yadutsa 90. Mudzaona chithunzi chanu, inde, koma mota mudzakhala mwaiika m'manda."

"Ikafa tigula ina."

"Ina imatenga milungu isanu kuti ifike, bwana. Mvula ili pakhomo. Milungu isanu imeneyo m'mapaipi muzidzalowa ndani, inuyo?"

Mawu amenewo anamveka mpaka kwa alendo. Nkhope ya Bwana Chipewa inasintha. Anatambasula dzanja. "Ndipatseni limoti."

"Iyi ndi yanga," anatero alamu, akuiika m'thumba la pachifuwa la ovolosi, n'kutseka zipi. "Kagalimotonso ndi kanga. Fufuzani m'mabuku a kampani, simukapezamo."

Apa Bwana Chipewa anachita chimene ndikukhulupirira kuti amachichitira manyazi mpaka lero. Anatembenukira kwa a Mfuko. A Mfuko ndi wokwawa wamkulu pa onse m'gulu lathu, bambo wochepa thupi wa ana asanu, amene dzina limeneli analipeza chifukwa cholowa paliponse. Anali atatha zaka zitatu osavala chingwe.

"Ngati chidole chatopa, tili ndi anthu," anatero Bwana Chipewa. "A Mfuko, tengani chingwe ndi tochi."

A Mfuko anayamba kuyenda chozolika kupita ku lole. Munthu wa ana asanu sayankha bwana pamaso pa alendo. Ine, ndinene zoona, ndinangoti kakasi, makiyi ali m'manja.

Alamu sanakuwe. Ananyamula kagalimoto kawo, n'kutsikira m'ngalande, jombo zikumira m'matope, n'kukhala pansi pakamwa penipeni pa paipi, msana atatsekera mkati. Ndi mayi wathupi, ndipo paipiyo inadzaza ndi iwo ngati botolo ndi chitsekero chake.

"Muno simulowa galimoto, simulowanso munthu," anatero. "Amene akufuna kulowa ayambe wandinyamula."

Anthu a pamsika anayamba kuunjikana pamwamba. Mayi wina wogulitsa tomato anafunsa kuti kwagwanji, wina n'kumuyankha kuti amayiwo akukana kuchoka m'nyumba mwawo. Kunali kuseka.

"Mayi, mukudziwa kuti uku n'kukana lamulo la ntchito?" anafunsa Bwana Chipewa.

"Ndikudziwa. Lembani. Mukalemba mulembenso kuti ndinakupemphani mphindi makumi awiri zokha. Amuna anga analowa m'paipi yonga iyi chifukwa wina anali pachangu. Iye uja anakafika ku msonkhano wake. Anga mpaka lero nsapato amavala ndi ndodo."

Kenako anandiyang'ana. "Alamu, mwangoti ndwii ngati mwaona njoka. Bweretsani bokosi langa, ndi ambulera ili kuseri kwa mpando."

Ndinatsikira m'matopemo ndi nsapato zanga zoyendetsera galimoto. Ndinawagwirira ambulera, iwo akugwira ntchito pamiyendo pawo ngati ali kunyumba. Anatembenuza kagalimoto chagada. Pa chitsulo chozunguza matayala akumbuyo panali patakulungika ulusi wa thumba la saka, wothina ngati mphete. Anaudula ndi kampeni. "Mwaona? N'chifukwa chake yatentha msanga. Imakoka matope, ikukokanso ichi." Anamasula kagiya ka pa mota n'kuikapo kena kochepa mano, kuti kagalimoto kaziyenda pang'onopang'ono koma mota isamavutike. Anapukuta matope amene anamata pa timapiko ta chitsulo totulutsa kutentha. Wina pamwamba anati aithire madzi ozizira ithe nkhani.

"Kunja kuzizira, mkati muli moto," anayankha alamu osadzutsa mutu. "Kamfuti kandinamize, ine ndiiphe? Ayi."

Mayi wa magalasi uja anasendera m'mphepete mwa ngalande. "Pano ili pa zingati?"

"61, mayi."

"Ndiye simungayambe?"

"Ndikufuna itsike pansi pa 45. Ulendo wake ndi wautali."

Mayiyo anagwedeza mutu n'kukakhala pa sitepe ya lole. Anzake awiri aja anakakhala m'galimoto mwawo, mawindo otseka. A Mfuko anali chiimire ndi chingwe m'manja, osadziwa kuti achiike pansi kapena ayi.

Tinadikira mphindi makumi awiri ndi zisanu. Kagalimoto kanalowanso, kakuyenda ngati kakupita ku ukwati. Kanadutsa pamene kanalekeza, n'kupitirira. Pa mamita makumi anayi ndi atatu tochi inawala pa chinthu chachikulu chamizeremizere. Anali matiresi. Matiresi athunthu, atapindika pakati, kumbuyo kwake kutaunjikana mabotolo ndi nthambi. Katatuluka, alamu anayeza: 63.

Ndikanakonda kukuuzani kuti tinapeza paipi itagumuka, kuti aliyense anaona kuti alamu apulumutsa moyo wa munthu. Ayi, anali matiresi chabe, ndipo Bwana Chipewa ananena mokweza kuti a Mfuko akanawapeza kalekale. Alendo anakwera galimoto n'kumapita. Tsiku lotsatira alamu analandira kalata yowaitanira ku bwalo la mwambo wa pantchito.

Mkazi wanga analira. Anapita kwa mkulu wakeyo kukawapempha kuti akangopepesa. "Achemwali, mutu wanu woumawu udzakuphetsani. Pakhomo pano wogwira ntchito ndinu nokha." Achimwene, amene nthawi zambiri salankhula, anayankha mkazi wangayo ali pakhonde: "Asiyeni, alamu. Akapepesa, ine ndisamuka."

Ku bwaloko ndinaitanidwa ngati mboni. Munali mayi woyang'anira antchito, manijala, ndi Bwana Chipewa, ulendo uno chipewa chili pa tebulo. Atawerenga mlandu, anafunsa alamu ngati ali ndi mawu. Iwo anatulutsa mota ziwiri m'chikwama, ija anaipha kale ndi ija ya m'kagalimoto, n'kuziika pa tebulo.

"Mayi, zunguzani kachitsulo ka iyi ndi zala."

Mayiyo anazunguza. Kankayenda modumphadumpha, gu, gu, gu, ngati pali chokagwira.

"Amenewo ndi maginito amoyo. Tsopano iyi."

Kachitsulo ka inayo kanangoti pyolopyolo, kopanda chokaletsa.

"Kuziona kunja n'zofanana. Iyi ndinaipha ndine, ndi manja angawa, chifukwa cha changu. Ndinalakwa kamodzi, ndipo anzanga anakwawa milungu isanu chifukwa cha ine. Sindilakwanso kachiwiri kuti munthu wina asachedwe ku msonkhano. Ngati mlandu wanga ndi wokhala pakamwa pa paipi, ndikuuvomera. Mukadzatumanso munthu kagalimoto kalipo, ndidzakhalaponso."

"Ndiye simukupepesa?" anafunsa manijala.

"Ndipepese kwa bwana kuti ndinawayankha pagulu, zimenezo ndikupepesa. Ndi mwana wa munthu, ndinawachititsa manyazi. Zinazo ayi."

Bwana Chipewa anatambasula dzanja. Anatenga mota yakufa ija n'kumaizunguza, maso ali pa tebulo.

Chigamulo chinali kalata yowachenjeza, ndiponso kuwachotsa m'gulu lathu kuti abwerere ku mapampu. Alamu anasaina, n'kupinda kalatayo kanayi. Madzulo popita kwawo ananyamula kagalimoto kukhwapa, n'kudutsa nako pageti onse akuona.

Mvula inayamba patatha masiku khumi. Paipi yoyamba itatsekeka, kapitawo anatulutsa chingwe. A Mfuko anachiyang'ana, n'kunena kuti msana ukuwapweteka. Wachiwiri anati ali ndi chifuwa. Wachitatu anati tochi ilibe batire, ndipo ataipatsa batire anati maso ake saona bwino mumdima. Palibe ananyanyala ntchito, aliyense ankakumba ndi kutapa zinyalala mwamphamvu, koma chingwe chinakhala pa lole ngati njoka yakufa. Tinkangolasa ndi nsungwi ndi mipope mongoganizira, ntchito ya ola limodzi n'kumatenga tsiku. Foni ya mu ofesi sinkapuma.

Sabata yachitatu, Bwana Chipewa anandiuza kuti ndimuperekeze ku shedi ya mapampu. Tinawapeza alamu atamira manja m'mafuta.

"Mayi," anayamba, "kampani yagula kagalimoto kake. Kafika dzulo. Ndimati mwina mungatithandize."

"Kali ndi mota yanji?"

"Yopanda mabulashi. Yaikulu kuposa yanu."

"Mwakayendetsa kale?"

Anakanda m'mutu. "Pang'ono, pabwalo paja. Ndinayeza. Inafika 58, ndinasiya."

Alamu anapukuta manja. "Khalani pansi, bwana. Samalani, benchiyo ili ndi girisi."

Anapereka mfundo ziwiri. Yoyamba, woyendetsa kagalimoto akati mota izizire, mawu akewo akhale omaliza, kaya pali mlendo wotani. Yachiwiri, zilembedwe m'malamulo a kampani kuti munthu asalowe m'paipi yopapatiza kagalimoto kasanalowemo n'kuona kuti muli bwino. Yoyamba anaivomera tsiku lomwelo, ndipo anaimata pakhoma. Yachiwiri akulikulu anati aiganizira. Ankati lamulo lotere likalembedwa, tsiku limene tigalimoto tonse tawonongeka ntchito idzaima.

"Iime," anatero alamu.

Anabwerera m'gulu lathu, chifukwa kukana kukanapweteka a Mfuko ndi anzawo, osati akulikulu. Pa chivindikiro cha kagalimoto katsopano analembapo 70 ndi penti yofiira, manambala akuluakulu oti ngakhale wosaona bwino awerenge. Anaphunzitsa a Mfuko kugwira limoti. Zala zawo n'zolimba ngati mizu, masiku oyamba ankagunditsa kagalimoto m'makoma mpaka tochi kuthothoka, koma pano amakabweza chambuyo mamita makumi atatu osakhudza paliponse. Kalata yochenjeza ija ikadali m'faelo mwawo. Manijala anawauza kuti atha kupempha kuti ichotsedwe, iwo anati ikhale, ndi yawo, anaigwirira ntchito.

Za mfundo yachiwiri ija sanazisiye. Tsiku loyamba la mwezi uliwonse amalemba kalata yopita kulikulu, ndipo amene amakaitula ndine, popeza ndimadutsa kumeneko ndikamakatenga mafuta. Mayankho abwera awiri okha, onse onena kuti nkhaniyo ikuunikidwa. Mayi wa magalasi uja ndinakumana naye pa masitepe ulendo wina, anandizindikira, n'kundiuza kuti makalatawo amawawerenga onse, ndipo ina anaiwerenga mokweza pa msonkhano. Nditawauza alamu anangoti, "Kuwerenga ndi kusaina n'zosiyana."

Lolemba lapitali anakwera mu lole ndi envelopu ina, ya nambala khumi ndi zinayi. Inali yonenepa kuposa masiku onse.

"Mwalembamo chiyani ulendo uno, alamu, buku?"

"Mawu ndi omwe aja. Koma pansi pasaina anthu makumi atatu ndi mmodzi, a magulu onse anayi. Amene sadziwa kulemba adinda chala."

"Wa nambala makumi atatu ndi mmodziyo ndani? Okwawa ndi okumba onse pamodzi alipo makumi atatu."

"Bwana wanu wa chipewa. Wasaina pamunsi penipeni, tizilembo ting'onoting'ono ngati nyerere, koma wasaina." Anaika envelopuyo padashibodi n'kuitsamiritsa ndi sipanala. "Mukaipereke m'manja mwa munthu, musakaisiye pa tebulo. Ndipo mukamuuze kuti ya mwezi wamawa ndayamba kale kuilemba. Tiyeni, lizani galimoto, anthu akudikira."